Kalata yotseguka kwa phungu wa pachilumba pathu

Olemekezeka,

Malonje ndidumpha, mundikhululukire. Makalata tinalemba, mafoni tinaimba, akomiti ya chitukuko anafika mpaka ku ofesi kwanu nkuuzidwa kuti bwana ali ku miting'i, nde pano ndalemba poyera kuti aliyense awerenge.

Mwezi wathawu neba wanga, mayi wachikulire woyendera ndodo, analira maliro a mwana wake pa foni. Mnyamatayo anapita kunja kukagwira ntchito ya zomangamanga, anagwa pamwamba pa nyumba nkufera pomwepo, ndipo ndalama yonyamulira thupi pa ndege kenako pa sitima inali yoti ngakhale abale onse atasonkha sikanakwana, anzake anangomuika konko. Ife tinasonkhana pakhonde, kamdzukulu katakweza foni m'mwamba kusaka netiweki, vidiyo ikungodukaduka, bokosi litangoyamba kutsika chithunzi chinaima, pomwe chimabwerera anthu anali akufotsera kale. Mayi aja ankangofunsa ngati mwana wawo watsika, palibe anatha kuwayankha. Ndipo pakhondepo mukanaona, tonse imvi zokhazokha ndi tiana, amsinkhu wapakati kulibe.

Musamve zoti ana athuwa amachoka chifukwa chokonda kuyenda. Msodzi akabwera ndi nsomba ayezi palibe chifukwa jenereta yazima, jenereta ikudikira dizilo, dizilo akudikira sitima, sitimayo ibwera liti palibe akudziwa. Nsomba iwole kapena aigulitse motaya kwa vendala. Mnyamata wamutu wake akhalirenji? Amagulitsa ukonde wa bambo ake nkupangitsa pasipoti basi.

Zina ndingotchula. Kuchipatala mankhwala amatha, mayi wapakati zikavuta timamukweza m'boti usiku mphepo ili chonchi, aphunzitsi amakhala teremu imodzi nkupempha kusamutsidwa, simenti ndi sopo zikamafika kuno mtengo wakwera kale chifukwa cha thiransipoti. Ndalama zomwe ana amatumiza nazonso zimadulidwa panjira, pa dziko lonse lapansi amadula pafupifupi 6 peresenti, chonsecho mayiko a UN anagwirizana mu 2015 kuti pofika 2030 zodulidwazo zikhale pansi pa 3 peresenti. Kuno zikafika ajenti amati kashi ndilibe, mubwere sitima ikabwera. Sitima yomweyo!

Sindikukunyozani bwana, voti yanga inapita kwa inu, ndipo midadada ya sukulu ija munamangadi, tikuthokoza. Koma mukukumbuka nthawi ya kampeni? Munatsika m'boti nsapato zili m'manja, thalauza mutapinda mpaka m'mawondo, nkutiuza kuti aka ndi komaliza munthu kutsikira m'madzi, jete yokochezapo sitima ikubwera, malo oziziritsira nsomba akubwera. Tinaomba m'manja mpaka kuwawa. Mwala wamaziko ulipo, mbuzi zimagonapo masana.

Nde pempho lathu ndi ili. Nyumba ya malamulo ikakumana muimirire mufunse nduna ya zamtengatenga kuti sitima ikhale ndi masiku odziwika, ndipo ikaonongeka pakhale boti lina lolowa m'malo. Makina a ayezi akhale a sola, tisamadalire dizilo. Ndipo mubwere nokha, osatuma mlembi, mudzatiuze pamsonkhano kuti ndalama ya jete inaperekedwa kapena ayi, ngati inaperekedwa ili pati. Tsiku musankhe nokha koma mulilengeze mwezi uno usanathe.

Ine wanu,
Mmodzi mwa otsala pachilumba