Kwa mnzanga amene akuti ayambe wadzikonza

Achimwene,

Kalata yanu ndinailandira ndipo ndaiwerenga kangapo. Ndachedwa kuyankha chifukwa ndimaopa kukulemberani ulaliki pamene inu mukufuna mnzanu wokumverani. Kuno tonse tili bwino, kupatula bondo langa lija limene layambiranso kundivutitsa kukazizira. Alamu anu akupereka moni.

Nkhani ya ndalama ija yandikhudza, sindikubisirani. Munthu anakukhulupirirani n'kukusungitsani, inu n'kuzidya, kenaka bodza limodzi linabala linzake mpaka munayamba kunamiza ndi mayi a kunyumba omwe. Sindikuuzani kuti n'zazing'ono ayi. Koma chimene chandisowetsa tulo si ndalamazo. Ndi mawu aja munalemba kumapeto, oti mwasiya kupemphera, ndipo kutchalitchi simudzapondako mpaka mutabweza zonse n'kukhalanso munthu wolongosoka, poti pakali pano manyazi sakukulolani kuima pamaso pa Mulungu.

Ndiye ndikufunseni. Masiku aja munkaimba kwaya, chakhumi chanu osaphonya, kodi munkaganiza kuti Mulungu akukukondani chifukwa cha zimenezo? Ngati ndi choncho, zimene mukunenazi n'zomveka ndithu: wantchito akalakwa amachotsedwa, malipiro n'kuima. Koma ine sindikhulupirira kuti munali pa ntchito.

Tatsegulani Luka 15, kuyambira ndime 11. Ndikudziwa kuti fanizo la mwana wolowerera mumalidziwa pamtima, koma muli kanthu kena kamene ine ndinatha zaka zambiri ndisanakaone. Mnyamata uja ali pakati pa nkhumba, njala itamukwana, anakonza mawu oti akanene kwa atate wake, ndipo anali mawu atatu: ndachimwa, sindiyeneranso kutchedwa mwana wanu, munditenge ngati mmodzi wa antchito anu. Taonani achitatuwo. Mnyamatayo sankapita chimanjamanja, anali ndi pulani. Ankafuna akalembedwe ntchito, azidya thukuta lake, pasakhale womunena kuti akudya zaulere, mwinanso pang'onopang'ono abweze zimene anasakaza. Imeneyi ndi pulani yanu yomweyi, achimwene.

Tsono pitani pa ndime 20. Akali kutali, atate wake anamuona. Munthu samuona mnzake akali kutali ngati sanali kuyang'ana njira imeneyo. Bambo wachikulire anathamanga, n'kumukumbatira, n'kumupsompsona, mwanayo asanatsegule ndi pakamwa pomwe, asanasambe, fungo la nkhumba lidakali m'zovala. Ndiye anayamba mawu ake aja, nanena oyamba ndi achiwiri. Achitatu sanamveke. Atate anali atayamba kale kuitana anyamata kuti abweretse mkanjo wabwino koposa, mphete ndi nsapato. Nsapatozo ndi zimene zimandigwira mtima, chifukwa zikutiuza kuti mwanayo anafika ndi mapazi osavala. Palibe pamene atate anafunsa kuti chuma chija chatsalako chingati.

Mukuti ine n'zosavuta kulankhula popeza sindinagwepo chonchi. Apa ndiye mundimvere bwino, chifukwa m'fanizoli muli mwana winanso, ndipo ameneyo ndine. Mukukumbukira chaka chija mwana wathu wachiwiri anagonekedwa m'chipatala masabata atatu? Sindinakuuzeni mmene ndinkapempherera. Usiku wina, nditakhala pa kampando kolimba pafupi ndi bedi, ndinangomva pakamwa panga pakutuluka mawu akuti: Ambuye, zaka zonsezi ndakutumikirani, sindinabe, sindinasiye banja langa, mapemphero a m'mawa sindinalumphe, bwanji mwana wanga? Ndinali nditatulutsa kabuku kanga ka ngongole, n'kumamuwerengera Mulungu zimene ayenera kundilipira. Patapita masiku ndi pamene ndinazindikira kuti mawuwo ndi a mwana wamkulu pa ndime 29, uja anakana kulowa m'nyumba nati zaka zonsezi ndakugwirirani ntchito ngati kapolo. Wina anapita kutali n'kufuna kubwerako ngati wantchito. Wina sanachoke pakhomo, koma mumtima anali wantchito kuyambira kale. Ndipo atate anatulukira onse awiri, wamkuluyo anachita kumudandaulira kuti alowe.

Usiku womwewo, cha m'bandakucha, mwana uja anandisanzira malaya onse. Anali ndi miyezi isanu ndi itatu. Anali asanandichitirepo kanthu kalikonse, dzina langa samalidziwa, chimene ankandipatsa ndi tulo tochepa ndi nkhawa basi. Koma akanati magazi anga onse akufunika kuti achire, ndikanapereka dzanja osafunsa. Ndinamupukuta kukamwa, ndinavula malayawo, ndipo kwa nthawi yoyamba m'masabata amenewo ndinapemphera popanda kabuku kaja. Chikondi changa n'chopereŵera, ana anga angakuuzeni mmene ndimapsera mtima msanga. Koma ngati ine woipa ndimadziwa kukonda mwana amene sanandilipire kanthu, ndinganene bwanji kuti Atate wakumwamba ndi wouma mtima kuposa ine?

Baibulo lonse likuyenda mumzere umenewu. Pa Deuteronomo 7:7-8 Mose akuwauza Aisraele kuti Mulungu sanawasankhe chifukwa anali ambiri, poti anali ochepa kuposa mitundu yonse, koma chifukwa anawakonda ndiponso ankasunga lumbiro lake. Mukafufuza chifukwa cha chikondicho, mupeza chikondi chomwecho, pansi pake palibe china. Paulo pa Aroma 5 akuti n'chapatali kuti munthu afere wolungama, kapena mwina wina angalimbe mtima kufera munthu wabwino, koma Khristu anatifera tikali ochimwa. Pa ndime 10 akuwonjeza mawu owawa kwambiri, akuti tinali adani. Mawu akuti "tikali" amenewo muwagwiritse. Sanadikire kuti tiyambe tasintha. Pamene ankapita pamtanda, za ndalama zijazi ankazidziwa kale, ndi mabodza onse anatsatirapo, ndipo anapitabe. Inu mwadabwa ndi zimene mwachita chifukwa munkadziyesa munthu wabwino. Iye sanadabwe.

Musaganize kuti vuto lanuli ndi lachilendo. Martin Luther analowa m'nyumba ya amonke ku Erfurt mu 1505, ndipo anayesetsa ndi mphamvu zake zonse kuti adzikonze: kusala kudya, kuchezera usiku akupemphera, kuulula machimo nthawi zina mpaka maola asanu ndi limodzi, moti mkulu wake Johann von Staupitz anatopa naye. Mtendere sunabwere. Iye mwini analemba atakalamba kuti mawu akuti "chilungamo cha Mulungu" pa Aroma 1:17 ankadana nawo, chifukwa ankawamva ngati muyeso umene Mulungu amalangira nawo ochimwa. Ataphunzira kalata ya Aroma mozama ku Wittenberg ndi pamene anaona kuti chilungamocho ndi mphatso imene Mulungu amamuveka munthu wokhulupirira. Ngati mkanjo uja wa mwana wolowerera. Nkhani imeneyi inagawa mpingo kwa zaka mazana, koma pa 31 October 1999, ku Augsburg, akuluakulu a mpingo wa Katolika ndi a Lutheran anasainira chikalata chovomereza pamodzi kuti timalandiridwa ndi Mulungu mwa chisomo chokha, pokhulupirira ntchito ya Khristu, osati chifukwa cha kuyenera kwathu, ndi kuti Mzimu Woyera ndiye amatipatsa mphamvu yochita zabwino. Pa zambiri amasiyanabe, koma pamenepa anagwirana chanza.

Ndikudziwa chimene mundiyankhe, poti ndimakudziwani. Muti: ndiye basi munthu azingochimwa, chikondi chilipo kale? Funso limeneli Paulo anadzifunsa yekha pa Aroma 6:1, ndipo anayankha kuti msatero ayi. Chikondi chopanda malire sichitanthauza kuti tchimo lilibe mtengo. Likanakhala lopanda mtengo, mtanda sukanakhalapo. Ndipo ndalamazo muyenera kubweza, mpaka yomaliza. Mayi a kunyumba muyenera kuwauza zoona, ngakhale akhale masiku osakulankhulani. Chimene ndikutsutsana nanu ndi chakuti chiyambe n'chiti.

Taonani Zakeyu pa Luka 19. Mkulu wa okhometsa msonkho ku Yeriko, wolemera ndi ndalama za anthu, wamfupi, ali khale mu mtengo wa mkuyu. Yesu sanati tsika ukabweze zimene unalanda, ukamaliza ndidzabwera. Anamuitana ndi dzina nati lero ndiyenera kukhala kunyumba kwako. Anthu anang'ung'udza, ndipo kunena zoona ndikanakhalapo nanenso ndikanang'ung'udza. Atalandiridwa kale ndi pamene Zakeyu anaimirira n'kunena kuti theka la chuma chake apereka kwa osauka, ndipo aliyense amene anamubera amubwezera kanayi. Palibe anamulamula kuti achite zimenezo. Munthu wogwidwa ndi mantha amabisa, amazengereza, amabweza pang'ono kuti angomuleka. Amene wadziwa kuti sakanidwa ndi amene amapeza mphamvu zogogoda pa chitseko cha munthu amene anamulakwira. Aefeso 2 akuziika mu dongosolo lomwelo: ndime 8 ndi 9, tinapulumutsidwa mwa chisomo, si mwa ntchito, kuti wina asadzitamande, ndime 10, tinalengedwa mwa Khristu kuti tichite ntchito zabwino. Inu mukufuna kuyambira pa ndime 10 muli nokhanokha, opanda pemphero, opanda abale, manyazi ali pamsana. Ndikuopa kuti mutopa musanafike patali, ndipo mukatopa mudzati Mulungu ndiye wakutayani.

Nanga mutamwalira ngongoleyo isanathe? Chigawenga chija chinapachikidwa pambali pa Yesu manja ake anali okhomeredwa, sakanatha kubweza kalikonse kwa aliyense. Anangoti mundikumbukire, ndipo anauzidwa kuti lero lomwe adzakhala naye m'Paradaiso.

Ndisakunamizeni kuti ine zonsezi zinandilowa bwinobwino. Mpaka lero fanizo la antchito a m'munda wa mpesa pa Mateyu 20 limandinyong'onya m'mimba, aja anagwira ola limodzi n'kulandira mofanana ndi amene anapsa ndi dzuwa tsiku lonse. Mwana wamkulu uja mwa ine sanafe, amadzuka kawirikawiri. Ndiye musandione ngati ndaima pamwamba n'kumakuponyerani chingwe. Kalata yanu yandikumbutsa kuti nanenso ndimaima panja kawirikawiri, nyimbo zikumveka m'nyumba.

Usiku uno musanagone, yesani kupemphera. Ngati mawu akusowa, bwerekani a wokhometsa msonkho uja wa pa Luka 18:13, amene sanathe ngakhale kukweza maso kumwamba koma anangodziguguda pachifuwa n'kupempha chifundo. Ndi mzere umodzi wokha. Lamlungu pitani, khalani pa benchi ya kumbuyo ngati mukufuna, mutuluke nyimbo yomaliza isanathe. Za mwini ndalama, lembani pa pepala zimene mungathe kubweza mwezi uliwonse, zenizeni osati zongofuna kumusangalatsa, ndipo munditumizire tiziwone limodzi musanapite kukaonana naye.

Ndikuimbirani foni Loweruka madzulo. Mukaona nambala yanga musaisiye ikulira ngati mwezi watha uja. Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana.

Ndine mbale wanu mwa Ambuye.