Mafomu a pa intaneti akutisiya kunja ife osaona

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko ndi anthu amene amakonza mafomu a pa intaneti, poti masiku ano kufunsira ntchito, malo kusukulu, ngakhale ngongole, kulikonse akungoti "lembani pa intaneti".

Ine ndine mphunzitsi wosaona, koma foni ndimaidziwa bwino. TalkBack imandiwerengera zonse za pa foni, ndipo pa kompyuta ndili ndi NVDA, pulogalamu yaulere. Mauthenga a pa WhatsApp ndimayankha ndekha. Pa fomu ndi pamene zimathina.

Mabokosi ambiri olembamo sanapatsidwe maina oti pulogalamu iwerenge, ndiye foni imangoti "edit box", kenako "edit box" ina. Mulembamo chiyani, dzina la bambo kapena tsiku lobadwa? Ukalakwitsa, bokosilo akuti limafiira, basi, osanenako kanthu. Ukalimbikira n'kufika kumapeto, umapeza kachithunzi ka zilembo zopindikapindika koti ukopere posonyeza kuti ndiwe munthu. Uli pakati pofufuza wokuwerengera, nthawi yatha, fomu yafufutika, bandulo nayo yapita.

Mwezi wathawu zitandikanika, ndinapita pamalo ena olipiritsa intaneti. Mnyamata wa pamenepo, waulemu ndithu, ankafunsa mokweza anthu ali pamzere: "Aphunzitsi, nambala ya chiphaso cha unzika? Nanga mumalandira zingati?" Ndinayankha, nanga n'kadatani? Malipiro anga anawamva onse, mpaka wogulitsa mandasi pakhomo.

Dziko lathu linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009, ndipo lamulo latsopano la anthu aulumali la 2024 lilipo. Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu aulumali tilipo oposa 1.5 miliyoni. Anzathu achialubino amafuna zilembo zikuluzikulu zooneka bwino, ndipo wa manja onjenjemera sangathamangitsane ndi wotchi.

Zokonzazo si zodula ayi. Bokosi lililonse likhale ndi dzina lake, cholakwa chizinenedwa m'mawu, ndipo m'malo mwa kachithunzi kaja muzititumizira nambala pa foni monga amachitira mabanki. Musanatulutse fomu, itanani anthu awiri kapena atatu kudzera ku bungwe la anthu osaona la Malawi Union of the Blind kapena ku FEDOMA, mgwirizano wa mabungwe a anthu aulumali, ayidzaze okha, inu mukuonerera manja ali m'thumba. Ndipo muwalipire, chifukwa imeneyo ndi ntchito.

Mphunzitsi wodandaula,
Kasungu