Ndifufuze bwanji ntchito ng'ombe zisanagulitsidwe?

Azakhali,

Ndine mtsikana wa zaka 19, ndimakhala ku Katete kuno ku Zambia ndi amayi komanso ang'ono anga. Mayeso a Giredi 12 ndinakhoza, ndipo masamu, Chingerezi ndi sayansi ndinapeza makirediti. Atate anatisiya kalekale, choncho amene ali ndi mawu pa za sukulu yanga ndi amalume. Iwo anena kale kuti agulitsa ng'ombe ziwiri kuti ndikaphunzire uphunzitsi ku Chipata College of Education.

Amalume amandifunira zabwino, ndipo maganizo awo ndikuwamvetsa. Amakumbukira kuti mu 2022 boma linalemba aphunzitsi opitirira 30,000 nthawi imodzi, ndiye kwa iwo ntchito yeniyeni ndi ya boma, ya malipiro a mwezi ndi mwezi ndi penshoni pamapeto pake. Koma msuweni wanga anamaliza uphunzitsi womwewo, dzina lake silinatuluke pamndandanda, ndipo lero akugulitsa salaula ku msika wa Kapata ku Chipata. Iye amanena yekha kuti sanaukondepo uphunzitsi, anangopita chifukwa anzake onse ankapita. Zimenezi ndi zomwe zikundisowetsa tulo, chifukwa ng'ombe zikapita zapita, khola lathu lilibe zina zoti tidzagulitsenso ndikadzasintha maganizo.

Mtima wanga uli pa za magetsi, makamaka a dzuwa. Chilala cha 2024 chitaphwetsa madzi ku damu la Kariba komwe amapangira magetsi, magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse, ndipo eni magolosale, ometa tsitsi ndi alimi a m'madimba anayamba kugula sola ndi mapampu ake. Amisiri olumikiza zinthuzi ankasowa. Wina atabwera kudzaika pa golosale ya aneba athu, ndinaima pambali mpaka anamaliza, ndikumufunsa chifukwa chake batire ikufunika kachipangizo koiteteza kuti isadzaze mopitirira. Anandiyankha bwino, ndipo zomwe tinkaphunzira m'kalasi ya sayansi ndinaziona ndi maso anga. Komabe kuonerera munthu masana amodzi si kudziwa ntchito. Sindikudziwa kuti amapeza zingati pamwezi, kaya makasitomala amakhalapo chaka chonse, kaya anthu amalola mkazi kukwera padenga la nyumba yawo. Kwathu kuno sindinamuonepo mkazi wogwira ntchito imeneyi.

Kusukulu aphunzitsi olangiza za ntchito ankatchula unamwino, uphunzitsi, upolisi ndi usilikali basi. Pa Facebook pali makoleji ambiri odzitama kuti ukamaliza ntchito ili kale m'manja. Ndamva kuti sukulu za ntchito zamanja ziyenera kulembetsedwa ku TEVETA, bungwe la boma loyang'anira maphunziro a luso, ndipo sukulu yotere ya Chipata Trades ili pafupi nafe. Ndamvanso kuti ndalama za CDF, thumba la boma la chitukuko cha dera la phungu, zimalipirira achinyamata maphunziro a luso, ndipo mafomu amadzera ku komiti ya chitukuko ya wadi. Ngati zimenezi zingatheke kwa ine, ng'ombe za amalume zikhoza kutsala m'khola.

Azakhali, chomwe ndikupempha ndi njira yofufuzira. Munthu wachilendo amene ali pantchito yake ndingamufike bwanji kuti andilole kumutsatira sabata imodzi kapena ziwiri, popanda anthu kundiganizira zoipa poti ndine mtsikana? Nanga ndimufunse mafunso otani kuti andiuze zowawa za ntchitoyo, osati zokoma zokhazokha? Za malipiro anthu amabisa, ndipo ndikuopa kuoneka wamwano. Ndikufunanso kuchita chimodzimodzi ndi uphunzitsi, kukhala m'kalasi kumbuyo n'kuona tsiku la mphunzitsi momwe limathera, chifukwa mwina ndikuukana ndisanaudziwe.

Chovuta kwambiri ndi amalume. Kwathu mwana sabweza mawu a malume ake, ndipo amayi akuti ndikachedwa kuyankha, amalumewo adzaona ngati ndanyoza thandizo lawo n'kutembenukira kwa ana ena. Ndikufuna andipatse miyezi yochepa kuti ndifufuze, kenako ndibwere kwa iwo ndi mitengo ya maphunziro onse awiri, kutalika kwake, ndi zomwe ndamva kwa anthu amene ali pantchitozo. Kodi ndipite ndekha kukawapempha, kapena nditume agogo aakazi amene amalume amawamvera? Ndipo ndikayambe ndi mawu otani?

Ine mwana wanu,
Wofuna nzeru, Katete