Kalata kwa makolo potseka teremu yachiwiri

Okondedwa makolo ndi nonse olera ana athu,

Landirani moni wochokera kwa ine ndi aphunzitsi onse. Teremu yachiwiri yatha ndipo malipoti a ana akonzedwa. Musanathamangire kuona nambala imene mwana wakhala m'kalasi, yambani mwawerenga ndemanga za aphunzitsi ake, poti m'menemo ndimo muli zoti mumuthandize kunyumba. Kujomba kunachepa ngakhale mvula inali yambiri, ndipo pa ichi ndikuthokoza amayi a mother group amene ankayenda khomo ndi khomo kukatenga ana.

Nkhani imene yandidzaza mumtima ndi ya ulendo wa ana a Sitandade 7 wokaona mtsinje wa Shire ku Liwonde. Ndikudziwa kuti ena munavomera mtima uli m'mwamba chifukwa cha ng'ona. Onse anabwerako bwinobwino, ndipo ndikufuna mudziwe zimene anakaona.

Tinayambira pa Kamuzu Barrage, zitseko zikuluzikulu za madzi zimene zinamangidwa mu 1965. Ana anaima pamlatho n'kumamva nthaka ikunjenjemera ndi mkokomo wa madzi. Pamenepo ndi pamene anamvetsa zimene takhala tikujambula pabolodi: mitsinje yambiri imathira m'nyanja ya Malawi, koma wotulutsa madzi ndi Shire yekha. Amayambira ku Mangochi, n'kudutsa m'nyanja ya Malombe, n'kuyenda makilomita pafupifupi 400 mpaka kukathira mu Zambezi ku Mozambique. Zitsekozo zimasunga madzi ndi kuwatulutsa mwa muyeso kuti makina opangira magetsi ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira asaime m'chilimwe. Madzi omwewo ndi amene amapopedwa ku Walker's Ferry kupita m'mipopi ya ku Blantyre, ndipo kumunsi ndi amene amathirira nzimbe ku Nchalo. Mtsikana wina anandifunsa kuti, "Aphunzitsi, ndiye babu ya m'kalasi mwathu imayaka ndi madzi awa?" Ndinamuyankha kuti inde, magetsi ambiri a dziko lino amachokera mumtsinje umenewu. Anakhala duu kuyang'ana madziwo.

Kenako tinakwera mabwato kulowa m'nkhalango yosungirako nyama ya Liwonde, mwana aliyense atavala jekete yoyandamitsa. Poyamba phokoso linali ngati pabwalo la mpira, mpaka woyendetsa bwato anazimitsa injini n'kunena kuti wofuna kuona akhale chete. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Zimene ana ankayesa miyala zinayamba kugwedeza timakutu, ina n'kutulutsa mpweya m'mphuno kuti phwaa, madzi n'kuwaza. Zinali mvuu. Pagombe ng'ona inali itagona kukamwa yasa, osasuntha ngakhale chikope. Nkhwazi inalira pamwamba pa mtengo, mutu itaukhotetsera kumsana, ndipo mnyamata wina anakumbukira kuti ndi mbalame yomwe ili pachizindikiro cha dziko lathu. Njovu tinaziona chakumadzulo zikutsikira kumadzi, mwana ali pakati pa zikuluzikulu.

Wotitsogolera anafotokoza kuti kuyambira mu 2015 nkhalangoyi ikuyendetsedwa ndi bungwe la African Parks mogwirizana ndi boma, ndipo kuti mu 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 zinasamutsidwa kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete kupita ku Nkhotakota. Ana anadabwa kuti njovu ingakwezedwe pagalimoto. Ine chimene chinandikhudza ndi mpanda wa magetsi: mbali ino njovu, mbali inayo chimanga cha munthu amene wachipalira ndi thukuta lake. Onse awiri akudalira mtsinje umodzi. Sindinafune kuti ana abwerere akuganiza kuti mlimi ndi mdani wa nyama, chifukwa ambiri mwa iwo ndi ana a alimi, ndipo amadziwa ululu wodzuka m'mawa n'kupeza munda utapondedwapondedwa.

Tsono imvani za botolo. Mnyamata wina, amene nthawi zambiri sayankhula m'kalasi, anapempha woyendetsa bwato kuti amutungire madzi m'botolo lake. Anali ofiirira chifukwa cha mvula. Analiimika pakati pa mapazi ake m'basi, ndipo pofika pasukulu anabwera nalo kwa ine: madzi atayera pamwamba, matope atakhazikika pansi. Anati, "Ili ndi dothi la m'munda wa winawake." Ndaphunzitsa zaka zambiri za kukokoloka kwa nthaka, koma sindinazifotokozepo momveka chonchi. Dothi limenelo limachoka m'mapiri amene tawameta pofuna makala, ndi m'minda imene talima mpaka pakamwa pa mtsinje. Mlimi amataya chonde, kenako matopewo limodzi ndi namasupuni amakatseka pamene madzi amalowera m'makina a magetsi. Nthaka ikakhala yopanda mitengo, madzi a mvula salowa pansi, amangothamanga onse nthawi imodzi. Mukukumbukira namondwe wa Ana mu Januwale 2022, pamene damu la Kapichira linawonongeka ndipo magetsi anavuta koposa chaka, ndiponso Freddy mu Malichi 2023. Namondwe sitingamuletse, koma phiri la mitengo ndi phiri lopanda kanthu sizilandira mvula mofanana.

N'chifukwa chake ndili ndi pempho kwa inu pa holide ino. Mwana aliyense wa Sitandade 7 wapatsidwa ntchito yoti atsatire khwawa kapena kamtsinje kamene kali pafupi ndi kwanu, ajambule kumene kakuchokera ndi kumene kakupita, ndipo alembe zimene zili m'mphepete mwake. Musamusiye yekha, apite ndi munthu wamkulu, ndipo asalowe m'madzi. Ngati kunyumba kuli agogo, mwana awafunse mmene kamtsinjeko kanalili iwo ali ana, mitengo imene inalipo ndi nsomba zimene ankagwira. Zimenezo mulibe m'mabuku athu. Tikupemphanso kuti mutisungire njere za mitengo yachilengedwe monga mbawa ndi msangu, chifukwa teremu yamawa tiyamba nazale kuti mbande zidzakhale zitakula pofika dzinja. Amene muli ndi luso lofesa mitengo kapena lodzala vetiva m'migula, bwerani mudzaphunzitse ana. Komiti ya sukulu idzakuuzani tsiku.

A Sitandade 8 mayeso awo ayandikira, choncho achepetsereni ntchito zapakhomo madzulo kuti apeze mpata wowerenga. Tsiku lotsegulira lalembedwa kumapeto kwa lipoti lililonse. Botolo lija lili pawindo la ofesi yanga, ndipo mukamadzatenga malipoti mudzalowe mudzalione.

Ine wanu,
Mphunzitsi wamkulu