Lipoti la Nthumwi: Zimene Ndamva ku Msonkhano wa Ngozi za Mbawala Pamsewu

A Wapampando, a komiti, ndi inu nonse abale ndi alongo a m'gulu lathu kuno ku Scotland, zikomo.

Kumene munandituma kuja ndapitako, ndipo ndabwerako bwino. Chimene chinatichititsa kuti titumize munthu nonse mukuchikumbukira: mchemwali wathu uja anagunda nyama mbandakucha akuweruka ku shifiti ya usiku, galimoto n'kutheratu, mwiniwake n'kupulumukira mkamwa mwa mbuzi. Tsiku limene tinapita kukamuzonda, aliyense woyendetsa galimoto m'chipindamo anali ndi nkhani yakeyake ya nyama imene inamudutsa kutsogolo. Ndiye munati pite ukamve, akatswiri akuti chiyani.

Ndiyambe ndi dzina, chifukwa lokhalo linandizunguza. Nyama imene kuno amati deer kwathu kulibe. M'lipoti lino ndiziti mbawala, popeza ndi imene ikuyandikirako, koma si mbawala ya ku Liwonde ayi. Nyanga za zamphongo zimachita nthambi ngati mtengo, ndipo zimathothoka chaka ndi chaka n'kumeranso zina. M'dziko lonse la Britain muli mitundu 6 yokhala kutchire, ndipo inayi mwa iyo ndi imene yakhazikika ku Scotland: red, roe, fallow ndi sika. Red ndiye chimphona, yamphongo imatha kufika makilogalamu 190. Roe ndi kakang'ono, sikapitirira makilogalamu 25 kawirikawiri, koma ndi kamene kamakhala nafe m'mphepete mwa matauni, ngakhale mkati mwa Glasgow momwe. Boma limayerekeza kuti ku Scotland kokha kuli mbawala pafupifupi 1 miliyoni, kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi cha m'ma 1990.

Mu holo munali anthu oyang'anira misewu, a zankhalango, alenje olembedwa ntchito m'maesiteti a kumapiri, ofufuza a m'mayunivesite, ndi ife ochepa ongoyendetsa galimoto. Mawu amene anamveka tsiku lonse anali akuti data. Ine poyamba mtima unathamangira ku bandulo ya pafoni, koma iwo amatanthauza ziwerengero ndi malipoti a ngozi amene amasonkhanitsidwa n'kuikidwa pa intaneti kuti wofuna kufufuza awatenge.

Apa ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa ndi pamene ndinaona kuti nkhaniyi ikutikhudza kuposa mmene timaganizira.

Chiwerengero chimene chimatchulidwa kwambiri n'chakuti chaka chilichonse m'Britain magalimoto amagunda mbawala pakati pa 42,000 ndi 74,000. Chinachokera ku ntchito yowerenga ngozizi imene inayamba mu 2003, motsogozedwa ndi Dr Jochen Langbein. Taonani kutalikirana kwa manambala awiriwo. Pakati pawo pali nyama 32,000 zimene palibe angalumbire kuti zinafa kapena sizinafe. Chifukwa chake n'chapafupi: lamulo silikakamiza munthu kunena. Road Traffic Act ya 1988 imatchula nyama zimene ukagunda uyenera kuima ndi kupereka lipoti: hatchi, ng'ombe, bulu, nyulu, nkhosa, nkhumba, mbuzi ndi galu. Mbawala palibepo. Ngati palibe munthu wavulala ndipo sunawononge katundu wa wina, ukhoza kungoyang'ana bampala, kupukusa mutu, n'kumapita kwanu. Ambiri amatero.

Ndiye ofufuza amatolatola uku ndi uku ngati munthu wokunkha m'munda mwa eni. Apolisi ali ndi kaundula wa ngozi wotchedwa STATS19, amene aliyense akhoza kumutsitsa pa intaneti, koma m'menemo mumalowa ngozi zokhazo zimene munthu wavulala kapena kufa. Makampani osamalira misewu ikuluikulu, monga BEAR Scotland ndi Amey, amalemba mitembo ya nyama imene achotsa, koma pamisewu yawo yokhayo, ya mtundu wa A9 ndi M8. A Scottish SPCA, bungwe loteteza nyama ku nkhanza, amalemba pamene aitanidwa kukaona nyama yovulala, ndiye kuti imene yafera pomwepo kawirikawiri sailemba. A inshulansi amadziwa za okhawo amene anakadandaula kuti alipiridwe. Pamwamba pa zonsezi pali malipoti a anthu wamba, otumizidwa pafoni kudzera ku British Deer Society, ku iNaturalist, kapena ku ntchito ya pa yunivesite ya Cardiff imene inayamba mu 2013 ndi dzina loti Project Splatter, pano ikutchedwa The Road Lab.

Mayi wina wofufuza anatiyalira mapu pakhoma, madontho ofiira ali mbwee kuzungulira Glasgow ndi Edinburgh, kumapiri kuli patalipatali. Munthu ukangoona ungati mbawala zonse zasamukira m'tauni. Iye anatichenjeza kuti mapu oterewa amasonyeza zinthu zitatu zosakanikirana: kumene kuli nyama, kumene kuli magalimoto ambiri, ndi kumene kuli anthu okonda kutumiza malipoti. Kuti alekanitse, amatenga ziwerengero za magalimoto odutsa pamsewu uliwonse, zimenenso zili pa intaneti, n'kuona ngozi zingati pa magalimoto angati. Palinso ntchito yotopetsa yosefa: nyama imodzi yogona pambali pa msewu masiku atatu ikhoza kulembedwa ndi anthu asanu, aliyense n'kuika dontho pamalo pake, wina ataiona ali pa liwiro n'kudzakumbukira atafika kunyumba.

Ndili chikhalire ndinayamba kuwerenga misewu imene ife timayenda. Ambiri a ife timagwira ntchito yosamalira okalamba ndi odwala m'makomo mwawo, ena amagawa katundu. Timayenda tinjira tating'ono ta kumidzi, ta makhonsolo, nthawi ya chisisira ndi mbandakucha, imene ndi nthawi yomweyo mbawala zimadzuka kukadya. Tinjira timeneti si ta makampani a misewu ikuluikulu aja. Ngozi ya mchemwali wathu sinalowe mwa apolisi chifukwa sanavulale. Sinalowe kwa a inshulansi chifukwa inshulansi yake inali yolipira mnzake yekha, osati galimoto lake. Nyama inathawira m'thengo, ndiye palibe anatola mtembo. Galimoto linatha, ntchito anajomba milungu ingapo, koma pa mapu aja pamalopo m'poyera, ngati sipanachitike kanthu. Ndipo akamasankha poika mpanda kapena chikwangwani, amayang'ana mapu omwewo.

Nditanena zimenezi pa nthawi ya mafunso, mayi uja anavomera kuti misewu ing'onoing'ono ndi imene ili ndi malipoti ochepa. Sanalonjeze kanthu, ndipo ine ndinamulemekeza chifukwa cha chimenecho.

Za ku America anazitchula kwambiri, chifukwa kumeneko ziwerengero n'zochuluka. Kafukufuku wa mu 2022, wotsogozedwa ndi Calum Cunningham wa ku University of Washington, anasanthula ngozi zoposa 1 miliyoni za m'zigawo 23 za dzikolo. Anapeza kuti ngozi zimachuluka ka 14 pakatha maola awiri dzuwa litalowa poyerekeza ndi maola awiri lisanalowe. Anapezanso kuti mlungu wotsatira kubweza wotchi m'mbuyo ndi ola limodzi, monga amachitira chaka ndi chaka nyengo yozizira ikamayandikira, ngozi zimakwera ndi 16 peresenti. Mbawala sidziwa wotchi, imatuluka nthawi yake yomweyo. Amene asintha ndi ife, chifukwa mwadzidzidzi anthu onse oweruka kuntchito akuyenda mumdima. Kuno timabweza wotchi Lamlungu lomaliza la Okutobala, pomwe red, fallow ndi sika zili pa nyengo yokwerana, zamphongo zitapenga, zosayang'ana n'komwe msewu. Nyengo ina yoopsa ndi Meyi, pamene ana a roe a chaka chatha amapirikitsidwa ndi amayi awo n'kumayendayenda kufuna malo awoawo. Miyezi imeneyi ilembeni penapake.

Masana nkhani inatembenukira ku funso la chochita ndi nyamazo, ndipo mpweya wa mu holo unasintha. Wina anatchula kafukufuku wa mu 2021 wa m'chigawo cha Wisconsin ku America, kumene mimbulu itabwerera, ngozi za mbawala zinatsika ndi 24 peresenti. Chodabwitsa n'chakuti mbali yaikulu ya kutsikako sinabwere chifukwa chakuti mimbulu inadya mbawala zambiri, koma chifukwa mbawala zinayamba kuopa kuyenda m'misewu imene mimbulu imakonda kudutsamo. Anthu anaseka, poti ku Scotland mimbulu inatha zaka mazana angapo zapitazo ndipo alimi a nkhosa safuna n'kumva komwe. Chotsala ndi mfuti.

Pamenepa ndiye panali kukokanakokana. A zankhalango akuti mbawala zachulukitsa, zikudya timitengo tisanakule, ziphedwe zambiri. Alenje a m'maesiteti akuti nyama zikachepa kwambiri alendo olipira kudzasaka sabweranso, ntchito zawo zitha, midzi ya kumapiri ifa. Mkanganowu ngwakale. Gulu limene boma linakhazikitsa, Deer Working Group, linatulutsa lipoti mu Januwale 2020 lokhala ndi mfundo 99, ndipo kuyambira Okutobala 2023 zamphongo zikhoza kuphedwa chaka chonse, nyengo yoletsa inachotsedwa. Bungwe loyang'anira zonsezi ndi NatureScot. Mbali zonse ziwiri zinagwiritsa ntchito mapu omwe aja, aliyense kuloza dontho limene likumukomera.

Maganizo anga, ndipo awa ndi anga osati a msonkhano: iwo amakangana za red wa kumapiri, pamene ife amene amatiphwanyira magalimoto ndi roe wa kuchigwa. Kumapiri munthu mmodzi amakhala ndi malo aakulu, ndipo eni malo ali ndi magulu awo ogwirizana za nyama. Kuchigwa malo ndi ogawikagawika, apa munda, apa bwalo la gofu, apa kankhalango ka khonsolo, apa nyumba za anthu, ndipo kuwombera mfuti pafupi ndi makomo si nkhani yamasewera. Za kuchigwa zinakambidwa mwachidule, nthawi itatha kale.

Pa zoteteza, chimene onse anagwirizana kuti chimagwira ntchito ndi mpanda wautali wokhala ndi podutsira nyama. Chitsanzo chawo chinali Banff ku Canada, kumene msewu wa Trans-Canada uli ndi mipanda, milatho 6 ya nyama pamwamba ndi njira 38 zapansi, ndipo ngozi zinatsika ndi 80 peresenti n'kupitirira. Koma n'zodula, ndipo mpanda wopanda podutsira umangosamutsira ngozi kumene wathera. Kudula tchire la m'mphepete mwa msewu kumathandiza kuti uione nyama msanga. Chikwangwani chija cha mbawala yodumpha anthu anachizolowera, sachionanso, n'chifukwa chake pamisewu ikuluikulu amayatsa uthenga pa zikwangwani zamagetsi m'nyengo yoopsa yokha. Timaluzu tija tomata pabampala, toti timathamangitsa nyama, ofufuza sanapeze umboni woti timathandiza. Achimwene amene munagula tiwiri, pepani.

Kwa ife oyendetsa, malangizo ndi omwe ena mukuwadziwa, koma ndiwabwereze. Mukaona imodzi, chepetsani liwiro ndipo yembekezerani yachiwiri ndi yachitatu. Ngati munayatsa magetsi akutali, chitani dimu, chifukwa kuwala kukaithobwa m'maso imangoima chilili. Chovuta kwambiri kuchimvera ndi ichi: musakhotetse chiwongolero mwadzidzidzi. Pondani buleki muli mbali yanu. Ngozi zambiri zoopsa zimachitika munthu akazemba nyama n'kukagunda mtengo kapena galimoto lobwera kutsogolo. Mukaigunda, imani pabwino, yatsani mahazadi, imbirani apolisi pa 101, kapena 999 ngati wina wavulala kapena nyama yatseka msewu. Yovulala musaiyandikire, imaponda ndipo imabaya.

Ndikudziwa kuti ena mwaganiza kale za ndiwo. Iwalani. Malamulo a kuno amaletsa kuchotsa mbawala yakufa pamalo a eni popanda chilolezo, ndipo imene mwaipeza itagona kale mwina anaibaya jakisoni wa dokotala wa ziweto kuti ife msanga, mankhwala amene akhoza kukupwetekani inunso. Zimakhalanso ndi nkhupakupa zofalitsa matenda a Lyme. Nyama yake imagulitsidwa m'mabutchala, yoyezedwa bwino.

Pempho langa ku komiti lili pawiri. Loyamba, aliyense ayang'ane pepala lake la inshulansi mlungu uno. Ngati ndi yolipira mnzanu yekha, dziwani kuti mbawala ikakuphwanyirani galimoto mukonza ndi ndalama za m'thumba mwanu. Lachiwiri, tigwirizane kuti aliyense wa ife akagunda mbawala, kapena akaona yakufa m'mbali mwa msewu, atumize lipoti: tsiku, nthawi, dzina la msewu ndi malo enieni. Osati mukuyendetsa, chonde, muyambe mwaima. Amene pulogalamu ya pafoni imawavuta anditumizire ine, ndizilowetsa ndekha Lamlungu lililonse. Tilipo ochepa, koma timayenda m'misewu ndi m'maola amene mapu aja alibe maso.

A Wapampando, ndikupempha kuti nkhaniyi ilowe pa ndondomeko ya msonkhano wathu wotsatira, wotchi isanabwezedwe, ndipo ndidzabwera ndi foni kuti ndisonyeze mmene lipotilo limatumizidwira. Malisiti a sitima ndi chakudya ndapereka kwa amayi msungichuma, pamodzi ndi chenji chimene chinatsala.

Ine nthumwi yanu.