Kwa a kampani yomwe munatiikira makina a kopa ndi siliva ophera tizilombo m'madzi pa fakitale ya ayisi ku Zomba

Ndikulemba pa tsamba lanu la Facebook lino chifukwa njira zina zonse zakanika. Foni ya ku ofesi kwanu imangoitana, amisiri anu akayankha amati "tikubwera sabata yamawa", ndipo mauthenga a pa WhatsApp mumawerenga koma osayankha. Ine ndine woyang'anira makina pa fakitale ina yopanga ayisi kuno ku Zomba, yomwe makasitomala ake ambiri ndi amalonda a nsomba ochokera ku Kachulu ndi madoko ena a nyanja ya Chilwa. Mukundidziwa, chifukwa ndine ndinkanyamula mapaipi ndi anyamata anu tsiku lomwe munkamanga makinawa.

Ena owerenga mwina sadziwa nkhaniyi, choncho ndifotokoze pang'ono. Makina opanga ayisi amatulutsa kutentha kwambiri, ndipo kutenthako timakuchotsa ndi madzi. Madzi ofundawo pampu imawakweza pamwamba pa tawa yoziziritsira madzi, kenako amatsika m'madontho fani ikukoka mphepo, ena amauluka, otsalawo amazizira n'kubwereranso ku makina. Madzi ofunda ozungulira usana ndi usiku, okhala ndi fumbi ndi ndere, ndiye mokulira tizilombo. Toopsa kwambiri ndi ta Legionella, timene timaswana bwino madzi akakhala pakati pa madigiri 20 ndi 45. Madzi a tawa yathu mu Okutobala ndi Novembala amakhala pakati penipeni pa malire amenewo.

Kale tinkathira klorini ndi mankhwala ena. Inu munabwera ndi mawu okoma: makina anu ali ndi timapuleti ta kopa ndi siliva, magetsi ochepa akadutsamo timatulutsa tizidutswa ta zitsulozi tosaoneka ndi maso, tizidutswato n'kumaboola khungu la tizilombo ndi kutipha. Zimenezo n'zoona, sindikuzitsutsa. Zipatala zambiri za ku America ndi ku Ulaya zimagwiritsa ntchito njirayi m'mapaipi awo a madzi otentha. Koma bwana wanu wa zamalonda, ataima pamaso pa eni fakitale, anawonjezera kuti tikaika makinawa tiiwale za mankhwala, tiiwale zoyezayeza, ntchito yathu ikhale kungoona ngati getsi lobiriwira likuyaka. Pamenepo ndiye munatinamiza dzuwa likuswa mtengo.

Getsi lobiriwiralo likuyaka mpaka lero. Koma bwerani mudzaone m'beseni la pansi pa tawa. Ukapisamo dzanja n'kukhudza khoma, chala chimatereleka ndi utoto wonanda, ndipo m'makona mwamera ndere yobiriwira yomwe ukaikoka imabwera yaitali. Mwezi wathawu tinazimitsa pampu n'kutsegula kabokosi kokhala timapuleti tija. Tonse takutidwa ndi chikhungwa choyera cholimba, ukakanda ndi chikhadabo sichichoka, mpaka utagogoda ndi sukuludiraiva m'pamene chimathetheka. Chitsulo chokutidwa chotero chitulutsa bwanji kopa wokwanira kulowa m'madzi? Getsi lija limangonena kuti magetsi akufika m'bokosimo, silinena kuchuluka kwa kopa kapena siliva m'madzi.

Ndipo kuchulukako ndiye mutu wa nkhani. Kuti njirayi igwire ntchito, kopa amayenera kukhala pafupifupi mamiligiramu 0.2 mpaka 0.4 pa lita imodzi ya madzi, siliva 0.02 mpaka 0.04. Kuchepera apo tizilombo timapulumuka. Kupitirira kwambiri, zitsulo zimayamba kudetsa madzi ndi kudya mapaipi. Ndiye pamafunika kuyeza kawirikawiri: kopa timatha kumuyeza tokha pamalo pomwepo ndi kachipangizo kosintha mtundu wa madzi, siliva amafunika kutumiza madzi ku labotale. Mu mgwirizano womwe tinasainirana munalemba kuti mudzatipatsa zoyezera kopa, mudzaphunzitsa anyamata athu, ndipo muzibwera kudzatsuka timapuleti ndi kutenga madzi okayeza. Zoyezerazo sitinazionepo. Buku lomwe munasiya lolembamo zotsatira lili ndi tsamba limodzi lokha lolembedwa, la tsiku lomwe munaika makina.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'choti simunayeze n'komwe madzi athu musanatigulitse. Tinakuuzani kuti madzi a m'mipope ochokera ku damu la Mulunguzi sitidalira okhawo, nthawi zambiri tawa imamwa madzi a pa chitsime chathu chobowola, omwe ali ndi mchere wambiri. Aliyense wodziwa ntchitoyi amadziwa kuti madzi akamauluka pa tawa, mchere umatsalira n'kumachulukirachulukira, ndipo pH, muyeso womwe umakwera asidi akamachepa m'madzi, imakwera. Ikadutsa 8, kopa wambiri sakhalanso wosungunuka, amakhazikika pansi osapha kanthu. Siliva naye akakumana ndi mchere wa kloraidi amamangika n'kufooka. Tinabwereka choyezera pH kwa anzathu ena, ndipo madzi a m'beseni anaonetsa kupitirira 8.5. Kodi mainjiniya anu samazidziwa zimenezi? Ngati ankazidziwa, bwanji sanatiuze kuti pakufunika kufewetsa madzi kaye, kapena kutsitsa pH, kapena kupitiriza klorini pang'ono pambali pa makinawa? Munatisiyitsa chitetezo chomwe tinali nacho, m'malo mwake n'kutisiyira bokosi loyaka getsi.

Palinso nkhani ya kuthima kwa magetsi. Munalumikiza makina anu pa waya womwe sulandira moto wa jenereta. Magetsi akathima, jenereta imayendetsa pampu ndi fani, madzi akuzungulira, nkhungu ikuuluka, koma bokosi lanu lili zii. Tinakudziwitsani zimenezi kalekale.

Mwina mukuona ngati ndikukuza nkhani ya ndere chabe. Ayi. Matenda a Legionella anadziwika mu 1976 ku Philadelphia, pomwe anthu omwe anasonkhana pa hotela ina ku msonkhano wa asilikali akale anadwala chibayo choopsa, ndipo pafupifupi 30 anamwalira. Munthu satenga matendawa pomwa madzi, amawatenga popuma timadontho ting'onoting'ono touluka mu mpweya, tomwe fani ya tawa imaponya kutali kunja kwa mpanda. Amayamba patapita masiku 2 mpaka 10: kutentha thupi, mutu, kuphwanya m'thupi, chifuwa, kubanika. Kuno kwathu munthu akamva zimenezi amathamangira kukayezetsa malungo, akapezeka alibe amapatsidwa panado n'kubwerera kunyumba, matenda akukula m'mapapo. Omwe amagwidwa msanga ndi achikulire, osuta fodya, ndi omwe chitetezo cha m'thupi mwawo n'chotsika, ndipo anthu otere tili nawo pakati pathu.

Pansi pa tawa imeneyi pamadutsa anyamata onyamula ayisi tsiku lonse. Alonda athu, bambo achikulire, amakhala pa benchi chapafupi usiku wonse, ndipo mphepo ikamachokera ku phiri nkhunguyo imawagwera pa jekete. Amayi ogula ayisi amadikira pa geti m'mamawa, ena ali ndi ana kumbuyo. Anthu amenewa sanasaine mgwirizano ndi inu, koma ndi amene akupuma zotsatira za kunyalanyaza kwanu.

Funso lina lomwe mwakhala mukulizemba ndi la madzi otaya. Tawa iliyonse imayenera kutaya madzi ena kuti mchere usachuluke, ndipo madzi amenewo tsopano ali ndi kopa, wosungunuka kapena wokhazikika m'matope a m'beseni. Kopa amapha nsomba ngakhale atakhala wochepa kwambiri. Ngalande za tauni ino zimathera mu Likangala, Likangala amathira mu Chilwa, ndipo nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulukira. Chomwe chalowamo chimakhala momwemo. Matemba ndi milamba yomwe ayisi wathu amasunga imachokera m'nyanja yomweyo. Tinakufunsani kuti madziwa tizitaya kuti ndipo motani, yankho lanu linali lakuti "ndi ochepa, palibe vuto". Ochepa bwanji, poti simunayezepo? Panopa tikuwasunga m'migolo kuseri kwa fakitale, ndipo migoloyo yatsala pang'ono kudzaza.

Mapaipi athu okutidwa ndi zinki nawonso ayamba timadontho ta dzimbiri pafupi ndi pomwe madzi ochokera m'bokosi lanu amalowera. Kopa akamatira pa chitsulo chotere amachidya. Izinso munayenera kuziona musanamange.

Zafika pa mwana wakana phala. Ife tabwerera ku klorini ndi ndalama zathu, pomwe ngongole ya makina anu tikulipirabe mwezi ndi mwezi. Chomwe tikufuna n'choti mutumize injiniya weniweni, osati mnyamata wodzangoyang'ana getsi, adzatsuke kapena kusintha timapuleti, atenge madzi kupita nawo ku labotale kukayeza kopa, siliva, pH komanso Legionella, zotsatira mutipatse zolembedwa pa pepala la labotaleyo. Mubweretse zoyezera zomwe tinalipira, mulumikize bokosi ku jenereta, ndipo mutiuze polemba chochita ndi madzi ali m'migolowa. Ngati mwaona kuti makinawa sangagwire ntchito ndi madzi a pa chitsime chathu, nenani poyera, mudzawazule, mubweze ndalama.

Musandiyankhe kuti "tilembereni ku inbox". Kumeneko ndalembako mokwanira. Yankhani pompano, mutchule tsiku lomwe mukubwera, kuti ena omwe munawagulitsa makina omwewa ku Liwonde, ku Mangochi kaya ku Limbe aone, apitenso akatsegule mabokosi awo. Mwezi uno ukatha muli chete, mgwirizano, malisiti ndi zithunzi za timapuleti tija tikazitula ku bungwe loona za chilungamo pa malonda la Competition and Fair Trading Commission, ndipo nkhani ya madzi otaya tikaifotokoza tokha ku bungwe loona za chilengedwe la MEPA.