Kaloboti kosesa kamene ndinagula kwa inu kangokhala pakona, ndikufuna yankho

Kwa a Manijala,

Ndalemba kalatayi chifukwa pafoni zakanika, pa WhatsApp mumangowerenga osayankha, ndipo kushopu kwanu ndafikako katatu kuchokera ku Area 25 mpaka mtauni, ya minibasi yokha ndawononga yambiri. Nkhani yake ndi ya kaloboti kosesa mnyumba kamene ndinagula kwa inu mu Julayi. Lisiti ndili nalo, kapepala ka waranti ya miyezi 12 ndili nakonso, koma kamakinako kafa ndipo palibe amene akundiuza zomveka.

Mwina mumvetse kaye chimene ndinagulira. Ndimakhala ndi amayi anga, msana unawavuta kalekale, kuwerama ndi tsache sangathe koma ukawauza kuti amayi siyani ndidzasesa ndikaweruka samva, ukangotuluka pageti basi atenga tsache, madzulo ukuwapeza agona chafufumimba akubuula. Ndinasunga ndalama miyezi ingapo kuti tsachelo ndiwalande mwaulemu. Ndiye kwa ine sikachidole ayi.

Masabata oyamba kankagwira bwino, ndisaname. Kankazungulira pabalaza, mkolido, kuchipinda, kenako nkubwerera kokha pochajira pake. Mavuto anayamba mu Seputembala, fumbi litayamba kuchuluka. Kamayenda mphindi 10 zokha nkuyamba kulira kuti moto watha, kuyesa kubwerera pochajira koma osafika, kumangothima pakati panjira. Kakagona pachaja usiku wonse mmawa apu yake ya pafoni ikuonetsa kuti kadzadza, kungoyenda pang'ono basi kathima.

Nditaimba foni mnyamata wanu anati vuto ndi lakusasamala kwathu, tikayeretse. Sindinatsutse, ndinachita zonse zimene ananena ndi zina zimene ndinawerenga ndekha mkabuku kake. Ndinakatembenuza chagada nkuchotsa bulashi yaikulu ija yapakati, zoona munali tsitsi lambiri lamesh la mchemwali wanga litakulunga mpaka kumapeto komwe imazungulira, ndinalidula ndi lumo nkuchotsa lonse. Kabulashi kammbali ndinakamasulanso, pansi pake panali ulusi. Kawilo kakutsogolo ndinakazula nkuchotsa zinyalala, mawilo akuluakulu awiri aja ndinawakanikiza kuona ngati akubwerera bwino, ali bwinobwino. Kabokosi kafumbi ndimakhuthula tsiku lililonse, fyuluta ndinaigogoda panja mpaka fumbi lonse kutha, sindinaichape ndi madzi chifukwa kabukuko kakuletsa. Masensa apansi aja amene amathandiza kuti kasagwe pamasitepe ndinawapukuta ndi kansalu kouma, ndipo kapeti yathu yakuda ndinaichotseratu pabalaza nditamva kuti masensawa akaona chakuda amayesa ndi dzenje nkumakana kudutsa. Tizitsulo tiwiri tapansi timene timakhudzana ndi pochajira ndinatipukuta mpaka kuwala, pochajira pakenso chimodzimodzi, ndinapasuntha kupaika potsamira khoma pamalo opanda mipando mbali zonse. Ngakhale za Wi-Fi ndinakonza ndekha, poyamba kankakana kulumikiza chifukwa makina amenewa amafuna 2.4GHz osati 5GHz, zimene kushopu kwanu palibe anandiuzapo tsiku logula.

Zonsezi nditachita palibe chinasintha. Ndinaimbanso, mnyamata yemwe uja anayambiranso kundiwerengera zomwezija, yeretsani bulashi, pukutani masensa, ngati sitinalankhulanepo. Apa ndi pamene mtima unayamba kundipweteka, chifukwa zikuonetsa kuti palibe amene amalemba zimene kasitomala wanena.

Ulendo wachiwiri ndinakanyamula mkatoni yake kubwera nako. Munthu wina pakauntala asanakaone nkomwe anati ndi magetsi akuthimathimawa, akabwera mwamphamvu amaotcha zinthu, ndiye waranti sikhudza zimenezo. Bwana, ine chaja yake ndinailumikiza pa guard kuyambira tsiku loyamba, yofanana ndi imene ili pafiriji ndi pa TV, ndipo zinthu zinazo palibe chapsa. Komanso pulagi imene inabwera nako ndi yamano awiri ozungulira pamene masoketi athu kuno ndi amano atatu, adaputa munandipatsa ndinu nomwe. Ngati panali choopsa pamenepo bwenzi mutanena.

Mwamwayi tsiku limenelo tekinishani wanu analipo, bambo aulemu kwambiri, iwowa sindikuwadandaula. Anayeza pochajira ndi mita yawo nkupeza kuti pakutulutsa moto wofanana ndi umene walembedwa pachaja, kutanthauza kuti sipanapse. Kenako anatsegula pansi ine ndikuona, ndinenetse kuti anatsegula ndi iwo osati ine, nkutulutsa batire. Anandifotokozera kuti batire la lithium lamtunduwu ndi la 14.4V, mkati muli timabatire tinayi tolumikizana ndipo likadzadza bwino limafika cha pa 16.8V, koma langa likangoyamba kukoka mota moto umagwa nthawi yomweyo, zimene zimachitika kamodzi mwa timabatireto kakafooka. Anati palibe chimene ine ndalakwitsa, mwina linakhalitsa kusitolo losachajidwa. Mankhwala ake ndi kusintha batire basi, ntchito ya timasikuluu tochepa, mphindi zosakwana 15.

Ndinabwerera kunyumba ndi chimwemwe nkuwauza amayi kuti zatheka. Kushopu kwanu anali atandiuza kuti batire kulibe mustoko, tikuitanitsa kunja, pakatha masabata awiri tikuimbirani. Masabata awiri anatha, anayi, pano tikukamba miyezi iwiri. Ulendo wachitatu ndi umene wandilembetsa kalatayi, chifukwa ndinauzidwa nkhani yatsopano yakuti batire ndi chinthu chakutha ngati bulashi kapena fyuluta, ndiye ndigule ndekha likabwera. Ndawerenga kapepala ka waranti kutsogolo ndi kumbuyo, mawu amenewo mulibe. Bulashi ndi fyuluta ndikuvomera, zimatha ndipo ndidzagula. Koma batire lofa miyezi iwiri chigulireni kamakina katsopano, tekinishani wanu yemwe atanena kuti vuto silathu, mukufuna ndilipirenso? Nanga waranti ija ndi yachani?

China chondiwawa, mukugulitsabe makinawa pashelefu pomwe paja, ndinaona mayi wina akufunsa mtengo, koma zosinthira zake mulibe ngakhale fyuluta imodzi. Kuno fumbi la Okutobala mukulidziwa, fyuluta imatsekeka msanga, munthu akagula lero pakapita miyezi yochepa adzalowera kuti?

Zimene ndikupempha ndi izi. Muike batire latsopano mwaulere pasanathe masiku 14 chilandirireni kalatayi, ndipo miyezi imene kakhala osagwira ntchito muiwonjezere pawaranti. Ngati batire simungalipeze, mundipatse kaloboti kena kamtundu womwewo kapena mundibwezere ndalama zanga zonse monga zilili palisiti. Yankho ndikulifuna lolemba, losainidwa ndi inuyo, za pakamwa ndatopa nazo chifukwa aliyense pakauntala akunena zake.

Masikuwo akadutsa ndipita kukadandaula ku Competition and Fair Trading Commission, ndikapereka kalatayi, lisiti, waranti ndi mauthenga onse a pa WhatsApp. Sindikufuna kuti tifike kumeneko, ndinabwera kwa inu chifukwa mnzanga wakuntchito anakuyamikirani ndipo ndikadakonda nanenso kudzakuyamikirani kwa ena. Koma dzulo ndapezanso amayi atawerama ndi tsache mkolido, kaloboti kali mkatoni kuseri kwa chitseko.

Nambala yanga ili palisiti lomwe ndaphatikiza, mundiimbire nthawi ina iliyonse.

Ine kasitomala wanu,
wa ku Area 25, Lilongwe